Marasi a Amalume

Bokosi lija linali lagalasi mbali zonse, lalitali ngati mkono wa munthu wamkulu, ndipo pakona ina panali mng'alu womatidwa ndi zinthu zoyera zonunkha ngati viniga. Amalume anachokera nalo ku Joni atalifukata pamiyendo masiku atatu m'basi, litakulungidwa m'bulangete. Anthu ochokera ku Joni ankabwera ndi njinga, mawailesi, ena mpaka malata, ndiye titaona mmene amalume ankanyamulira mtolo wawo potsika pa Rivirivi, tinadziwiratu kuti ndi wailesi yakanema. Amayi anali atayamba kale kudandaula kuti tilibe magetsi.

Atamasula bulangete tonse tinasuzumira. Munalibe kanthu.

"Achimwene, zam'katimu zagwera panjira?" anafunsa amayi.

Amalume anati iyayi, ndi momwemo, imeneyi ndi nyumba ya nsomba. Amayi anayang'ana bokosi, anayang'ana mlongo wawo amene anakhala kunja zaka zisanu ndi ziwiri, kenako anapita kukatereka madzi osamba. Ndinali mtsikana wa zaka khumi, mu Sitandade 4, ndipo inali nyengo yachisanu, thonje titakolola kale.

Ku Joniko amalume ankagwira ntchito m'nyumba ya bwana wina pafupi ndi nyanja yamchere, ndipo ntchito yawo yaikulu inali kusamalira nsomba. Osati zodya, zongoyang'ana. Bokosi la bwanayo akuti linali lalikulu ngati ngolo. Ili linali laling'ono, losungiramo zodwala, ndipo bwanayo anawasiyira posamuka. Nsomba zimene amalume ankazikonda kwambiri ankazitchula kuti marasi. Amayi atamva koyamba anaganiza kuti akunena anyamata osapesa tsitsi aja, nafunsa ngati bwanayo ankawasunganso m'madzi.

Nsombazo akuti zinali zamitundumitundu. Ina yobiriwira ngati tsamba lanthete la nthochi, ina yamizeremizere yaukali wopitirira msinkhu wake, kena kabuluu kamene kankalowa m'kamwa mwa nsomba zikuluzikulu kukatsuka mano n'kutulukamo kamoyo. Dzuwa likalowa zina zinkadzikwirira mumchenga n'kugona. Ukaiwala chivindikiro unkazipeza pansi zitadumpha. Ndipo yaimuna ikafa, yaikazi yaikulu pagulupo inkasanduka yaimuna.

"Luso lagona posunga mitundu yambiri pamodzi osamenyana," ankatero amalume. "Zofatsa zimayamba kulowa. Yaukali imalowa pomaliza, ipeze eni malo atakhazikika."

Anthu ankamvetsera akugwedeza mitu, akachoka n'kumaseka. Pamjigo ndinamva mayi wina akunena kuti ena amabwera ndi malata, ena amabwera ndi nthano. Ine ndinkakhulupirira liwu lililonse, ndipo ndi chimene chinandigwetsa m'mavuto.

Aphunzitsi athu anali mayi wachitsikana, atangochoka kumene kukoleji, ovala magalasi, osaseka m'kalasi poopa kuti tingawazolowere. Tsiku lina ankaphunzitsa za nyama za m'madzi. Ine ndinakweza dzanja n'kukhuthula zonse. Za kugona mumchenga anzanga anangoseka pang'ono, koma nditafika pa yaikazi yosanduka yaimuna kalasi inaphulika, anyamata akumenya madesiki. Aphunzitsi anadikira phokoso lithe, kenako anati, "Bodza ndi tchimo. Bodza lopanda ulemu ndi machimo awiri." Anandipatsa khasu ndikakumbe dzenje la zinyalala. Lero sindiwaimba mlandu. Mwana atandiuza zimenezo pamaso pa anzake, mwina inenso ndikanamuloza kumene kuli khasu.

Amalume ataona matuza m'manja mwanga anavala jekete yawo ya ku Joni n'kupita kusukulu. Anapita akuyaka, anabwerako atazirala, akumwetulira okha. Anagwirizana zoti Lachisanu la sabata yotsatira aphunzitsi adzabwere ndi kalasi yonse kudzaona nyumba ya nsomba, muli mitundu yambiri pamodzi. Amayi anakumbutsa kuti m'bokosimo munali mutangogona mphaka. Amalume anati nsomba ndi nsomba, chofunika ndi luso.

Loweruka tinakwera matola ndi ndowa ziwiri, kudzera ku Liwonde mpaka ku Ngokwe, kumene kunali mnzawo wina amene anadziwana naye ku Joni, tsopano msodzi pa nyanja ya Chiuta. Anali Msilamu wandevu, woseka ndi thupi lonse. Atamva kuti tikufuna nsomba zamoyo, zazing'ono, anakhala pansi pabwato lake.

"Wallahi, chibadwire sindinaonepo munthu wofuna nsomba yoti aziiyang'ana," anatero, nawonjeza zina m'Chiyao zimene zinaseketsa asodzi anzake.

Komabe anatisankhira bwino: matemba, timakumba, mphuta imodzi yamlomo wautali, ndi mlamba wautali ngati dzanja langa, umene anauika m'ndowa yakeyake. Anati ameneyo ndi mfiti, tisadzanene kuti sanatiuze. Pobwerera Lamulungu msewu unatigwedeza mpaka theka la madzi linathera pa anthu. Amalume ankalowetsa mpweya m'ndowa ndi pampu ya njinga, ndipo mayi wina amene chitenje chake chinanyowa anafunsa ngati nsombazo zaphwa matayala. Fungo la matope a ku Chiuta linatsalira m'diresi yanga sabata yathunthu.

Titafika, amalume anayala mchenga wa mumtsinje wa Rivirivi pansi pa bokosi, nasanja miyala ya mphako kuti nsomba iliyonse ikhale ndi pobisala. Anathira madzi oyera. Kenako analowa kuchipinda kwa amayi n'kutulutsa thumba la mchere umene amayi ankagulitsa pamsika. Ankathira, n'kuvundula, n'kuviika chala, n'kulawa atatsinzina. Ankapukusa mutu n'kuthiranso. Anachita zimenezi mpaka nkhope yawo inawala, nati tsopano ndiye nyanja yeniyeni.

Zofatsa zinayamba kulowa, mlamba unatsala m'ndowa malinga ndi lamulo. Nsomba zitangogwera m'madzimo zinayamba kuthamangathamanga, kugunda galasi. Amalume anati zikusangalala. Pofika madzulo zonse zinali zitayandama, mimba kumwamba, zoyera ngati timapepala.

Amayi anaziwola ndi chipande n'kuzikazinga. Potipakulira anati, "Lero ndiwo sindinathire mchere, achimwene athira kale." Amalume anadyera nkhwani.

Kwa zaka zambiri ndinkadabwa kuti munthu wosamalira nsomba zaka zisanu ndi ziwiri akanalakwitsa bwanji chinthu chodziwika ndi mwana aliyense wa ku Chiuta. Koma amalume anakulira m'minda ya thonje. Nsomba yamoyo anaidziwira ku Joni, m'madzi amodzi okha, ndipo madzi amenewo ankawadziwa ndi lilime. Palibe anawauzapo chifukwa chake, ankangouzidwa muyeso.

Kubwerera ku Ngokwe kunali kosatheka. Tinataya madzi amchere kuseri kwa nyumba, pamene udzu sunamerenso chaka chimenecho, n'kutsikira kumaiwe a Rivirivi ndi masikito akale a amayi. Madzi ankazizira moluma mafupa. Tinagwira timatemba, timakumba tiwiri, ndi tinsomba tina tamathothomathotho timene dzina lake palibe ankalidziwa. Ulendo uno mchere unatsala m'thumba, amayi atalikhalira.

Ndipo zinakhala moyo. Masiku anayi amenewo sindidzawaiwala. Dzuwa la m'mawa likalowa pawindo, timatemba tinkang'anima ngati masipuni atsopano, timakumba tikukumba timaenje mumchenga. Ife tinkadziwa nsomba ya m'mbale ndi ya pamphasa yoyanikira. Palibe anali ataionapo m'mbali, ikupuma, ikukuyang'ananso. Anthu ankabwera kudzasuzumira mpaka pakhomo panatha udzu. Mayi wa pamjigo uja anabwera atanyamula ndowa pamutu, nati angodutsa, ndipo anachoka madzi atafunda. Amalume ankayenda ngati munthu wobwera ndi malata a mudzi wonse.

Nthawi yonseyi mlamba unali m'ndowa, ndipo ine pouchitira chifundo ndinkaudyetsa nyongolotsi ndi chiswe katatu patsiku. Unakula, unanenepa, unaphunzira kudya chilichonse choyenda. Lachinayi madzulo amalume anati eni malo akhazikika, nthawi ya waukali yakwana. Anautsanulira m'bokosi, unakagona pansi pa mwala mwaulemu, ndevu zili phee.

Lachisanu m'mawa m'bokosi munali mlamba wokha, mimba ili tantha, kamchira ka themba kakutulukira pakamwa.

"Eni malo akhazikikadi," anatero amayi, akupita kukasesa panja.

Nthawi yochita china inalibe. Amalume anaphimba bokosi ndi chitenje, mwina poganiza kuti mawu abwino adzabwera okha, ndipo m'chipwirikiti chimenecho anaiwala chivindikiro chimene ankatilalikira tsiku ndi tsiku. Posakhalitsa tinamva nyimbo kumsewu. Kalasi yonse inkabwera pamzere, aphunzitsi patsogolo atavala nsapato zoyera. Ine ndinkafuna nthaka inditsegukire.

Analowa amene anakwana, otsala anaunjikana pawindo ndi pakhomo. Amalume anatsokomola, nachotsa chitenje. Munali mchenga, miyala ndi madzi. Mnyamata wina kumbuyo anafunsa ngati zagona kale mumchenga. Pomwepo kunamveka kukhwekhwereza pansi pa tebulo, ndipo mlamba unatulukira ukukwawa pa simenti, wakuda ndi fumbi, ukulunjika nsapato zoyera zija. Aphunzitsi amene sankaseka, amene sankathamanga, anapezeka ali pamwamba pa mpando, magalasi atapendekeka. Ana anamwazika akukuwa, ena akubwerera kudzaona. Amalume anauvundikira ndi jekete yawo ya ku Joni n'kuubwezera m'madzi.

Phokoso litatsika, amalume anaima jekete ikudontha, nati, "Aphunzitsi, nsomba zandikanika. Izi si marasi, ndipo ine ndalephera. Koma mwanayu sananame."

Kenako anayamba kufotokoza, osati modzitama ngati masiku onse, koma pang'onopang'ono, manja akujambula m'malere. Ananena za kabuluu kaja, mmene kankawayandikira akalowetsa dzanja m'madzi, n'kumawatsuka zala ngati nawonso ndi nsomba. Ananena za ina imene inasowa mumchenga masiku asanu, iwo n'kuilira, kenako n'kutulukira ngati palibe chachitika. Ana anasendera pafupi. Aphunzitsi anamvetsera mpaka kumapeto ataimirira pampando pomwepo, ataiwala kutsika.

Patatha sabata anabwera kwathu ndi buku lalikulu la zithunzi limene anakabwereka kusekondale. Anatsegula tsamba lina, nawerenga pamaso pa amayi kuti nsomba zimenezi zilipodi, zimagona mumchenga, ndipo yaikazi imasandukadi yaimuna. Anandipepesa, chinthu chimene sindinkadziwa kuti aphunzitsi amatha kuchita. Amayi anati dziko lapita. Amalume sanamve chilichonse. Anali atawerama pabukupo, akugwira chithunzi chilichonse ndi chala n'kumachitchula dzina motsitsa mawu, ngati munthu wopeza abale ake m'nyuzipepala.

Buku linatsala kwathu, ndipo aphunzitsi anabweranso kudzalitenga. Analiiwala, ndiye anabweranso. Kenako anayamba kubwera Lachiwiri ndi Lachisanu akaweruka, kudzaona mmene mlamba ukukhalira. Nthawi zonse akafika, amayi ankakumbukira mwadzidzidzi kuti m'nyumba mulibe madzi, n'kundituma kumjigo, ngakhale mitsuko itadzaza. Amalume anayamba kumeta ndevu pakati pa sabata.

Kutayamba kutentha mlamba unakula moti sunkathanso kutembenuka m'bokosi, ndipo Lamulungu lina tinaudya ndi tomato. Lachiwiri lake ndinaona aphunzitsi akutulukira panjira ya m'munda wa thonje, atavala diresi imene sindinaionepo kusukulu. Ndinawamvera chisoni kuti ayenda mtunda wonsewo pachabe, ndiye ndinawathamangira, ndinagwada, n'kuwauza kuti nsomba inatha, tinadya dzana, m'bokosi mulibenso kanthu.

"Ndikudziwa," anatero, nandipitirira kulowera kukhonde kumene amalume anali ataika kale mipando iwiri.

Ndinanyamula ndowa yanga kupita kumjigo ndikupukusa mutu. Munthu wodziwa mitsinje yonse ya mu Africa pamtima, wotha kuwerenga buku lalikulu chotero, koma osatha kumva chinthu chapafupi ngati chimenechi. Ndinaganiza zoti Lachisanu akabweranso ndidzawafotokozere bwinobwino, pang'onopang'ono.