Zikomo wa mu Holo ya ku Chegutu

Fungo la waya wopserera limandibwezera ku holo ina ya ku Chegutu, m'nyengo yozizira ya chaka chomwe sukulu yathu ya ku Kadoma inalowa mpikisano wa maloboti, timakina topanga tokha totola timipira. Pansi pankanunkha polishi, zala zili gwa ndi chisanu. Ine manja anga anali ophwanya zinthu, choncho aphunzitsi anandipatsa ntchito ya ukazitape. Ndinkazungulira matebulo a adani athu, n'kukanena zomwe ndaona.

Omwe ankatisowetsa tulo anali ana a sukulu ya kufamu. Loboti yawo inali yomangamanga ndi mphira, koma potola timipira inkatisiya kutali. Nditayandikira ndinamva akunong'onezana m'Chichewa, poganiza kuti m'holo yonse munalibe wochimva. Ine ndinkachimva. Kwathu bambo ankatiyankhula Chichewa, ife n'kumayankha m'Chishona. Mtsikana woyendetsa lobotiyo ankadandaula kuti mota yakumanzere ikutentha, ndipo ikafa ndiye kuti athera pomwepo.

Podzipanikiza kuti ndidutse kumbuyo kwake, pakamwa panga panapulumuka mawu omwe kwathu sitinkadutsa munthu osawanena: "Zikomo."

Anatembenuka, nkhope yonse ili mwee. "Aa, sisi, kani ndinu akwathu? Mulibe mota ina yotibwerekako?"

Tinali nayo, ili phee m'bokosi. Ndinafuna kumulonjeza, koma Chichewa changa chinali cha kumva kokha, ndipo ndinangogwedeza mutu movomera. Ndinathamangira kwa aphunzitsi n'kuwauza zonse, ndi pempho lomwe. Za mota yotentha anazilandira ndi manja awiri. Za kubwereka anangoti, "Ndinakutuma kukamva, osati kukathandiza." Bokosi analikhalira.

Masana loboti ya anzathuwo inayenda pang'ono, inafuka utsi, kenako inayamba kuzungulira malo amodzi ngati nkhuku yodwala chitopa. Anzanga ankalumpha. Ine ndinaima pakhomo, mtima ukuwawa.

Potuluka, mtsikana uja anali atanyamula lobotiyo pachifuwa. Anaima patsogolo panga, maso ali pansi, nati, "Zikomo."

Ndinalira m'kombi, minibasi yathu, njira yonse ya ku Kadoma. Ndinkadziwa kuti zikomo ndi wothokozera, ndiye ndinati akundinyoza, poti palibe chomwe ndinamuchitira. Panapita zaka ndisanakumbukire kuti zikomo wanga uja sanalinso wothokoza. Mwana wa eni ake ankangopempha njira. Ine ndinali nditatseka khomo.