Kachingwe Koyezera Chilonda

Atelala, mayi wosoka mayunifolomu a ana asukulu, ankakhulupirira kuti chachikulu ndiye chabwino. Bambo awo atatuluka chilonda pamwendo, ankakatsukitsa pa kachipatala ka zipinda zitatu, kwa namwino mmodzi yemweyo. Namwinoyo ankayeza chilondacho ndi kachingwe, n'kumanga mfundo pomwe chalekezera.

"Chingwe? Ngati tikuyeza thalauza?" anatero Atelala. "Bambo, tiyeni kuchipatala chachikulu, kuli makina."

Makina analikodi, koma tsiku lililonse wotsuka chilonda ankakhala wina. Aliyense ankangoti, "Chikuoneka bwino, agogo," poti panalibe amene anachiona dzulo lake. Patatha milungu itatu, bambo aja anayamba kulephera kuponda pansi.

Atelala anawabweza ku kachipatala kaja nkhope ili pansi. Namwino sanawakalipire. Anatsegula kabati, n'kutulutsa kachingwe kaja, katakulungidwa m'pepala lolembedwa dzina la bambowo. Atakayala pachilondapo, mfundo yomaliza inathera pakati penipeni. Chilondacho chinali chitakula kawiri.

"Ndinakusungirani, agogo," anatero namwino.

Atelala anagwira tepi yoyezera nsalu yomwe inali m'khosi mwawo. Milungu itatu yonseyo ankayenda nayo, koma sanaganizeko zoyeza mwendo wa bambo awo.