Matailosi onyezimira anapundula wantchito wanga

Mayi wina yemwe anandigwirira ntchito zaka zisanu ndi zinayi lero akuyendera ndodo, ndipo wolakwa ndine. Chinawapundula ndi matailosi omwe ndinasankha ndekha, nditachenjezedwa kawiri konse. Inu owerenga, makamaka amene muli ndi shopu, saluni kapena malo odyera ndipo mukuganiza zokonza pansi pake, ndimvereni kaye.

Ndili ndi lesitilanti pa Balaka, kufupi ndi siteshoni ya sitima. Amene amadya pamalopa ndi akabaza, ogwira ntchito m'maofesi a boma, ndi amalonda opita ku Nayuchi. Kuyambira pomwe ndinatsegula, pansi panali simenti yofiira. Ankaisamalira ndi Abiti Jafali, mayi wa ku Ntaja m'boma la Machinga, wamkulu kuposa ine ndi zaka khumi. Iwowa ndiye ankakolopa, kuperekera zakudya komanso kufulula tiyi. Pa zaka zonsezo sanaswepo ngakhale kapu.

Vuto linayamba nditapita ku Blantyre kuukwati wa mwana wa achimwene anga. Malo omwe tinadyera anali ndi matailosi aakuluakulu oyera, onyezimira mwakuti magetsi ankaonekera pansi. Nditabwerera, simenti yanga inayamba kundichititsa manyazi. Pafoni namo ndinkangoona zomwezo: ena akuthira epokisi, mankhwala ouma ngati galasi, ena akuyala pulasitiki yooneka ngati matabwa. Kenako malo ena odyera m'tauni mwathu momwemo anaika matailosi aja, ndipo ndinaona makasitomala anga a m'maofesi akujambulitsa zithunzi kumeneko. Mtima sunandikhalenso pansi.

Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe, kushopu ina yogulitsa zomangira. Mwini wake, bambo wa mawu okoma kwambiri, anandionetsa mitundu yonse. Ndinamuuza bwinobwino kuti ndi za lesitilanti. Anandikokera pa matailosi onyezimira kuposa onse n'kunena kuti amenewo ndiye akuyenda masiku ano, okhakhala aja ndi achikale. Ndinamufunsa ngati saterera. Anaseka n'kuti, "Iyayi mayi, kungopukuta basi." Ndikukumbukira mawu amenewa mpaka lero, chifukwa pambuyo pake anawakana.

Katundu atafika ndinaitana Che Twaibu, mmisiri wachikulire yemwe anandiikira simenti yofiira ija. Anatulutsa tailosi imodzi m'katoni, n'kuisisita ndi chikhatho. Kenako anaigoneka pansi, anathirapo madzi pang'ono, n'kupondapo ndi nsapato yawo. Phazi linapita lokha. Anandiuza kuti matailosi otere ndi apakhoma, kapena pabalaza pomwe anthu amavula nsapato, osati pamalo pomwe pali madzi osamba m'manja, mafuta ophikira ndi matope a mvula. Anati ndibweze ndikatenge okhakhala. Ine ndinawayankha kuti dziko linasintha ndipo iwo anatsalira ku simenti. Che Twaibu anatenga chikwama chawo cha zipangizo n'kunena kuti iwo ndi manja awo saika zimenezo. Ndinalemba amisiri ena, omwe sanafunse kanthu, ndipo sabata imodzi ntchito inatha.

Kunena zoona, munakongola. Anthu ankaima pakhomo n'kuyamikira, ndipo ine ndinkayenda ngati ndagula tauni yonse.

Chenjezo lachiwiri linachokera kwa Abiti Jafali, sabata yoyamba yomweyo. Anandiuza kuti akakolopa, pansi pakuchedwa kuuma ndipo akuyenda ndi mantha. Anayamba kugwira ntchito opanda nsapato kuti mapazi azigwira. Ine ndinawaletsa, ati makasitomala aziona ngati ndi uve, ndipo ndinawagulira nsapato zapulasitiki zoyera zogwirizana ndi malowo. Anapempha kuti tiyale chiguduli pakhomo ndi china pansi pa ndowa yosambira m'manja. Ndinakananso. Ndinati sindinawononge chuma changa kuti ndiphimbe ndi ziguduli. Inu owerenga, taonani uchitsiru wake: munthu yemwe ankayenda pamenepo kuyambira m'mawa mpaka madzulo akundiuza kuti pali ngozi, ine wokhala pampando kuseri kwa kauntala ndikuganiza za maonekedwe.

Tsiku lina wakabaza wina anaterereka n'kukhala pansi mbale ili m'manja. Anthu anaseka, nayenso anaseka, inenso ndinaseka nawo. Palibe chomwe ndinasintha.

Ngozi inachitika mu Januwale, masana, mvula itangogwa kumene. Linali tsiku la sitima, ndiye munali modzaza. Aliyense wolowa ankabwera ndi madzi kunsapato, ndipo pandowa paja panali patanyowa kale. Abiti Jafali anatuluka kukhitchini atanyamula ketulo yaikulu ya tiyi wowira. Atafika pakati pa matebulo, mapazi onse awiri anachoka nthawi imodzi. Anagwera chammbali, chiuno n'kumenyetsa pansi, tiyi yense n'kukhuthukira padzanja ndi pachifuwa. Sanakuwe. Anangotulutsa mawu ena otsika omwe sindinamvepo kwa munthu.

Pano ndi pomwe pali manyazi anga aakulu. Mawu anga oyamba, anthu onse akumva, anali akuti, "Koma Abiti, simuona poyenda?" Ndinanena zimenezo iwo ali pansi, bilauzi itamata pakhungu lopsa. Ndinkafuna kuti makasitomala aganize kuti vuto ndi iwo, osati matailosi anga. Ena mwa anthu a m'maofesi ovala mataye aja anatulutsa mafoni n'kuyamba kujambula. Amene anavula jekete n'kuthandiza kuwanyamula anali akabaza.

Kuchipatala anapeza kuti fupa la m'chiuno lathyoka. Anawatumiza kuchipatala chachikulu, komwe anagona miyezi iwiri. Zilonda zamoto zinapola n'kusiya zipsera, koma mwendo sunabwerere mwakale. Ndi waufupi pang'ono kuposa unzake. Abiti sangaime nthawi yaitali, sangagwire khasu, ndipo akulera zidzukulu zitatu zomwe mayi awo anamwalira. Chomwe chimawapweteka kwambiri n'choti sangagwadenso pamkeka nthawi ya swala. Amapemphera atakhala pampando.

Ali m'chipatala momwemo ndinapitanso ku Limbe, mtima uli m'mwamba. Ndinamufotokozera bambo uja zomwe zachitika. Sanafunse n'komwe kuti mayiyo ali bwanji. Anakoka katoni, anaitembenuza, n'kundilozera timalemba tating'onoting'ono ta Chingerezi kumbali kwake, tonena kuti matailosiwo sayenera pamalo onyowa. Ndiye kuti ankadziwa. Ankadziwa tsiku lomwe ndinaima m'shopu mwake n'kumuuza kuti ndi za lesitilanti. Nditamukumbutsa yankho lake lija, anati sakukumbuka, ndipo anaonjezera kuti, "Ife timagulitsa zomwe kasitomala wakonda. Munasankha nokha, mayi."

Zomwe zinandiwawitsa mutu n'zoti nthawi yomweyo panja ankapakira matailosi omwewo m'galimoto ya bambo wina. Nditafunsa, bamboyo anati akumanga kachipatala kake kolipira. Kachipatala, komwe kudzayende amayi oyembekezera ndi okalamba. Ndinamuuza zonse mokweza, wogulitsa uja akumva, mpaka alonda anandigwira mkono n'kunditulutsa kunja kwa mpanda. Sindikudziwa ngati anabweza katunduyo. Mpaka lero ndikadutsa pashopu imeneyo ndimaona matailosi aja atawaimika kutsogolo kwenikweni, akuwala padzuwa. Munthu angagone bwanji tulo akudziwa kuti akugulitsa chinthu chothyola anthu mafupa, bola lembalo lili pakatoni pomwe palibe amawerengapo?

Komabe ndikamukwiyira iyeyo, ndimakumbuka kuti ananama kamodzi kokha, pomwe ine ndinakana choonadi kawiri.

Ndinatseka lesitilanti n'kupita kwa Che Twaibu kukapepesa. Sanandinyoze. Anangofunsa za Abiti, kenako anabwera ndi nyundo. Zinatenga masiku anayi kugumula zonse. Anaika matailosi okhakhala, otuwa, osakongola kwenikweni, ndipo pakhomo ndi pandowa anayalapo mphira wa mabowo. Makasitomala okonda zithunzi aja ena sanabwererenso. Ndilibe nawo ntchito.

Abiti atatuluka m'chipatala ndinapita kwawo ku Ntaja. Ndinawapeza atakhala pakhonde, mwendo atauwongola, ndodo ili pambali. Ndinagwada n'kupepesa, ndikuwalonjeza kuti sindidzawasiya okha pa nkhani ya ana aja. Anandimvetsera osandidula, kenako anati, "Madamu, za mwendowu ndinazisiya m'manja mwa Mulungu. Chomwe sichikundichoka ndi mawu anu aja. Zaka zonsezi ndakugwirirani ntchito, ndiye anthu a pa Balaka azindikumbukira kuti ndinali wosasamala?"

Ndinawafunsa chomwe ndingachite. Anati ndikanene pomwe ndinanenera.

Tsiku lotsegulanso lesitilanti ndinadikira kuti mudzaze. Ndinaimirira pakati pa matebulo n'kuuza anthu kuti Abiti Jafali sanalakwe kanthu, kuti anandichenjeza ine n'kukana, ndiponso kuti ndinawanamizira ali pansi. Ena anasiya kudya, ena anapitiriza. Wakabaza yemwe anagwa poyamba uja ndi amene anakawauza Abiti kuti ndanenadi. Abiti ananditumizira moni, koma mpaka pano sanapondemo m'lesitilanti muja, ndipo sindiwakakamiza.

Inu owerenga, masitayelo a pansi pa nyumba akusintha chaka ndi chaka, ndipo ogulitsa adzakuuzani zomwe zingakutulutseni m'shopu mutanyamula katundu. Kaya ndi matailosi, epokisi kapena pulasitiki yonga matabwa, musagule chifukwa mwaiona pafoni. Ganizirani zomwe zimatayikira pansi pamalo panu, ndi anthu omwe amayendapo. Tembenuzani katoni muwerenge, ndipo ngati Chingerezi chake chikuvuta, pezani wokuwerengerani amene si wa m'shopumo. Pemphani kuti muthire madzi pa tailosi imodzi n'kupondapo ndi nsapato zanu. Wogulitsa akakana, tulukani. Mmisiri akakana ntchito, mufunseni chifukwa chake musanathamangire kwa wina wongovomera chilichonse.

Ndipo ngati munaika kale, wantchito wanu n'kukuuzani kuti pansi pakuterera, musadikire kuti mvula ithe kapena kuti mwezi uthe. Yalani chiguduli ngakhale chong'ambika lero lomwe, ndipo ngati mulibe, tsekani chitseko ngakhale panja pali makasitomala pamzere.