Tsiku limene ndinamenya mpira wa kiriketi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinafika pa pulazi, munda waukulu wa fodya wa bwana wachizungu, kufupi ndi Banket, kunja kwa dziko lathu, m'masiku a Chitaganya. Sukulu ndinali nditaisiya ku Ntcheu, nditang'ambira mwana wa aphunzitsi malaya chifukwa chonditcha mutu wa dzungu. Bambo anati, "Pita kwa amalume ako, ukali wakowo ukauthire m'fodya."

Malume anga, a Kamwendo, anali osonkha moto m'mabalani, nyumba zazitali zoumitsiramo fodya zija. Anandipezera ntchito yomanga masamba pa timitengo, ntchito ya zala. Tsiku loyamba lomwelo anandiuza mosabisa: "Mphwanga, pano munthu amagona m'komboni chifukwa cha manja ake. Manja akaima, foromani, kapitawo wathu, amakukweza lole yobwerera kwanu." Ine kubwerera ndinkakuopa kuposa njoka, chifukwa kwathu kunali bambo ndi aphunzitsi aja, onse akundidikira.

Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, amuna ankakhala pansi pa mkuyu pafupi ndi shedi yosankhira fodya. Apo ndiye pankayambika nkhondo ya malume ndi a Zuze, khukhi wa kunyumba kwa bwana, munthu wa ku Tete wamfupi ndi wa dazi. Malume anali a nkhonya. Zimphona za ku Amereka, zolemera ngati ng'ombe zokoka ngolo, ankazidziwa zonse, ngakhale anangoziona pa nyuzipepala zokulungira nyama imene tinkalandira kwa bwana, nkhope zitanyowa magazi a ng'ombe. A Zuze anali a kiriketi, poti ankaimva pa wayilesi ya bwana akutsuka mbale. Chaka chimenecho a ku Mangalande anali atabwera kudzasewera ku Joni, ndiye a Zuze sankagwirika.

"Masewera anji amene anthu amalekeza kuti amwe tiyi?" ankatero malume. "Amuna aakulu ndevu pepeya, kuvala zoyera ngati akupita ku ubatizo, masiku asanu akuthamangitsa kampira ngati bwemba! Ku nkhonya kulibe zimenezo. Wina agone, wina aimirire, tipite kwathu."

"Mnyasa iwe, ukudziwa chiyani?" ankayankha a Zuze. "Wankhonya wakoyo amam'menya ndi pilo womanga m'manja. Kampira kaja ndi mwala wovala chikopa. Chimphona chakocho chitaima patsogolo pake chingaitane amake."

"Khala chete, Mpwitikizi iwe! Tsiku lina ndidzakukwirira ndi manja angawa."

"Ndidzayamba ndine kukukwirira, ndipo ndidzapondaponda bwino kuti usatuluke!"

Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndekha sindinkaseka. Kumva munthu akuuza malume anga pagulu kuti adzawakwirira, magazi ankandiwira. Ndinkadabwa kuti munthu wa mangolomera, mankhwala olimbitsa nkhonya aja amene malume ankati ali m'kabotolo pansi pa mphasa yawo, angalekerere bwanji khukhi.

Lamulungu lina a Zuze anabwera ndi mpirawo, wakale wotayidwa ndi mwana wa bwana. Anauika m'sokosi yaitali naumangirira ndi chingwe ku nthambi ya mkuyu, monga mwanayo ankachitira pophunzira kumenya ndi thabwa lake.

"Nawu mlendo wako, Kamwendo. M'patse moni ndi nkhonya yakoyo."

Malume anaimirira, anavula jekete, anapinda malaya pang'onopang'ono. A Zuze anakoka mpira naulekerera. Malume anauzinda. Kachiwiri anauzindanso, nagwira msana.

"Lero ayi, msana wavuta. Komanso ndi tsiku la Mulungu."

Kunali chiphokoso cha kuseka. Amayi ena mpaka anaimba nthungululu. Ine manyazi anandigwira ngati ndavulidwa. Ndinathamangira kunyumba, ndinatulutsa kabotolo kaja, ndinadzola dzanja lamanja mpaka m'chigongono. Mankhwalawo ankanunkha moyabwa m'mphuno ndipo khungu linayamba kutentha, ine n'kumati, eya, mphamvu zikulowa.

Nditabwerera ndinapeza a Zuze akukankhabe mpira wawo uku ndi uku, akufotokozera anthu za woponya wina wa ku Joni amene ankati amathyola timitengo toimikidwa kumbuyo kwa womenya mpira katatu pa tsiku. Sindinapemphe malo. Ndinadumphira pakati, ndinakuwa kuti, "Wa kwa Kamwendo sathawa kampira!" ndipo pamene unkabwera ndinaulandira ndi mtima wanga wonse.

Phokoso lake ndimalimvabe, ngati nkhuni youma ikuthyoka. Ndinaima kukamwa yasa, osatha ngakhale kulira. Mpirawo unapita pang'ono, unabwerera mwaulemu, n'kundigogoda pamphumi. Ndinakhala pansi. Woyamba kundinyamula anali a Zuze, akutukwana m'Chipwitikizi, dazi lonse thukuta.

Zala ziwiri zinali zitathyoka. Akazi awo a malume, a Nabanda, anazimanga ndi timabango, akununkhiza dzanja langa.

"Wadzola chiyani iwe? Awa si mankhwala a msana a amalume ako, ogula ku sitolo ya ku Banket?"

Malume anayang'ana kudenga.

"Nanga iwe unalowereranji?" anafunsa a Nabanda.

"Amatukwana malume. Amati adzawakwirira."

"Inde adzawakwirira! Ukufuna awakwirire ndani, iwe?" Anamanga mfundo mwamphamvu mpaka ndinalumpha. "Kuno tili kutali ndi kwathu, tilibe adzukulu otiikira maliro. Munthu amapeza sahwira, monga amachitira eni dziko lino. Mwana wathu woyamba atamwalira, anakumba manda ndi a Zuze, anamunyamula ndi a Zuze. Sahwira amakutukwana mmene wafunira, ngakhale pa maliro pomwe, ndipo iwe sukwiya. Komboni yonse ikudziwa. Watsala iwe ndi nkhuku."

M'mawa mwake foromani anayang'ana dzanja langa lomangidwa, nayang'ana milu ya fodya wongothyoledwa kumene.

"Mufana, fodya samangidwa ndi pakamwa. Lole ikapita ku Banket ukwere."

Malume anapempha, chipewa chili m'manja, koma foromani anali atatembenuka kale. Ndinkaona nkhope ya bambo ikundilandira, ndi mwana wa aphunzitsi uja akuseka. Ndipo kunatulukira a Zuze, epuloni ili m'chiuno, akupuma wefuwefu.

"Foromani, bwana akufuna mnyamata wa dzanja limodzi."

"Wa dzanja limodzi?"

"Limodzi basi. Manja awiri angawononge."

Nkhani yake inali iyi. Mphepo ya mvula inali itagwetsa waya wa wayilesi ya bwana, ndipo wayilesiyo inkangolira ngati mafuta m'chiwaya. Inkamveka bwino pokhapokha munthu akakwera pa mgolo kuseri kwa khonde, atagwira wayayo m'mwamba. A Zuze ndiwo ankakwera, nyama ikupserera kukhitchini, dona akukalipa. Ndiye anauza bwana kuti apeza munthu woyenera ntchitoyo.

Motero ine, wokonda nkhonya, ndinaima pa mgolo ngati tambala, dzanja lamanzere m'mwamba, mzungu wa m'wayilesi akulankhula za kiriketi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndikangotsitsa mkono pang'ono, bwana ankakuwa pakhonde. Osewera akapita kukamwa tiyi, ndiye mpumulo wanga. Ndinayamba kuwadalitsa anthu amenewo ndi tiyi wawoyo. A Zuze ankandibweretsera chidutswa cha buledi ndi kunena kuti, "Idya, chimphona. Usachimenye, n'chofewa." Masiku opanda masewera ankandipatsa tsache. Zala zinapola fodya asanathe, ndinabwerera ku ntchito yanga, ndipo lole inapita popanda ine.

Lero ndimagwira ntchito ku mgodi wa ku Mutorashanga. Zala ziwirizo zinapola mokhota, ndipo ukali, kunena zoona, sunandithere. Kuno nakonso amuna amakangana za nkhonya ndi za kiriketi ngati osewerawo ndi abale awo, ena mpaka kuimirira ndi kupinda malaya. Mtima umandiuzabe kuti lowa, thandiza wakwanu. Koma ndinaphunzira kuti kuno kuchilendo mawu oopsa kwambiri amatuluka pakati pa anthu amene sangasiyane. Ndiye ndimaika manja m'thumba, n'kufunsa kaye amene ndakhala naye pafupi kuti, "Kodi awiriwa, ndani adzakumbe manda a mnzake?"