Anaipereka ndi Manja Awiri

"Alamu, ikani pansi!" ndinakuwa.

Sanandimve. Ankapita kwa apolisi awiri amene anali atangotsika m'galimoto, mfuti ili m'manja onse awiri, mutu ataweramitsa, mawondo atapinda pang'ono monga tichitira kwathu popereka chinthu kwa wamkulu. Kukamwa kwa mfutiyo kunaloza pamimba pa wapolisi wakutsogolo.

Anali masana, kuseri kwa kahotela kena ku Al Muraqqabat, kutali m'dziko la Aarabu. Ine ndinali mlonda pamenepo. Alamu anga, mwamuna wa mchemwali wanga, ankasesa ndi kutaya zinyalala. Ndine amene ndinawaitanitsa kuchokera ku Dowa. Mfutiyo anaipeza iwowo m'bini, itakulungidwa m'thaulo. Anandiitana, ndinaiona, ndinathamanga kukaimbira apolisi. Ndinkadziwa kuti chinthu chotere sakhudza. Kale ndinalonderako pa esiteti ya fodya, mfuti ndinkazidziwa. Koma sindinawauze. Ndinangoti, "Dikirani pompano."

Wapolisi wakutsogoloyo anali wachinyamata. Anasolola mfuti yake. Anakuwa m'Chiarabu, kenako m'Chingelezi. Alamu anaganiza kuti akuwauza afulumire, ndipo anawonjezera liwiro. Ndinaona chala cha wapolisiyo. M'maganizo mwanga ndinaona mchemwali wanga atavala zakuda.

Mnzake, wa imvi m'ndevu, sanasolole kanthu. Anayang'ana mawondo a alamu, nayang'ana nkhope yawo. Anagwira mkono wa wachinyamata uja n'kuutsitsa. Kenako anatambasula chikhatho, naloza pansi.

"Khalas, habibi. Khalas," anauza alamu motsitsa mawu, kutanthauza kuti basi, bwenzi, zakwana.

Alamu anaima, osamvetsa. Ndinangodzigwetsa chafufumimba pa tala wotentha, manja nditatambasula, kuti alamu andione. Anandiona. Anaiika pansi mfutiyo pang'onopang'ono, ndi manja awiri omwewo.

Wa imvi uja anaitola, naitsegula. Munali zipolopolo.

Anawatenga alamu atawamanga unyolo. Anakhala kupolisi masiku awiri. Makamera a pahotela anaonetsa zonse, mmene anaipezera ndi mmene ine ndinathamangira kukaimba foni. Apolisi anawamasula opanda mlandu. Koma kampani yathu inati sifuna munthu amene zala zake zinapezeka pa mfuti. Supavaiza anawauza ali chiimire kuti viza yawo yafafanizidwa, tikiti ndi ya Lachisanu. Ndinapempha. Anandifunsa ngati nanenso ndasowa kwathu.

Lachinayi ndinawapeza ku nyumba ya kampani akulongedza. M'chipindamo tinkagona asanu ndi mmodzi. Mnzathu wina wa ku Zambia anali atagona pa bedi la pamwamba.

"Mudala, munafuna kupatsa kapokola mphatso ya Khirisimasi?" anaseka. Kwawo kapokola ndi wapolisi.

Palibe anamuthandiza kuseka. Anatembenukira kukhoma.

Alamu anapinda yunifomu yawo bwinobwino, ngakhale inali yoti abweze. Anali atagwira ntchito miyezi inayi yokha. Nyumba imene anayamba kumanga kumudzi inali isanafike pa mawindo.

"Alamu," anatero osandiyang'ana, "tsiku limene ndinafika kuno munandiuza chiyani?"

Anadziyankha okha.

"Munati kuno ulemu ndiye chakudya chako. Chilichonse chopereka kwa bwana, manja awiri, maso pansi. Si mmene munanenera? Nanga mumafuna abwana aja akapise okha m'bini ine ndili chilili?"

Zikhatho zanga zinali ndi matuza a tala uja. Ndinaziyang'ana.

"Mukanangonena kuti musakhudze. Liwu limodzi lokha, alamu. Ine ndimamva."

Foni yawo inalira pa bedi. Panaoneka chithunzi cha mchemwali wanga. Anali asanauzidwe kanthu. Alamu anaitola n'kundipatsira, ndi manja awiri.

Sindinailandire. Ndinatenga chipewa changa cha ulonda pa msomali, ndinatuluka, foni ikulirabe.