Scholastica ndi Mbuzi ya M'chipinda Nambala 9

Scholastica Kachingwe anakulira pa chipatala cha mishoni ku Ntcheu, kumene mayi ake ankachapa zofunda za odwala. Kumeneko anatolako lamulo limodzi lomwe anafika nalo mpaka kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa Leicester: chauve sichikhala pafupi ndi wodwala. Zaka khumi ndi ziwiri akugwira ntchito pa nyumba yosamalira okalamba ku Wigston, kufupi ndi mzindawo, anzake ankamuseka kuti mayi ameneyu atapatsidwa mpata akhoza kuchapa ndi manijala yemwe.

M'chipinda nambala 9 munkakhala a Dennis Hallam, nkhalamba ya zaka 84, mutu utayamba kale kuiwala. Kalelo, zithunzi za pa TV zisanakhale ndi mitundu, ana ankathamangira kunyumba Lachinayi lililonse kukaonera mbuzi yamwano yotchedwa Bartle. Mbuziyo inali chidole chovala kudzanja. Dzanjalo ndi mawuwo anali a Dennis, atagwada kuseri kwa tebulo zaka khumi ndi chimodzi, nkhope yawo osaonekako. Pulogalamu itatha, matepi anafufutidwa, zidole zina zinatayidwa, inatsala mbuzi yokhayo. Tsopano a Dennis sankamudziwa ndi mwana wawo yemwe, koma akavala Bartle, mbuziyo n'kuwauza kuti adye, ankadya.

Koma fungo lake, abale inu! Thukuta la zaka makumi asanu, tiyi, phala louma kundevu. Scholastica anapirira miyezi. Lolemba lina mu 2018, a Dennis atatengedwa kukameta, anaitola mbuzi ija n'kuiponya m'makina ochapira, madzi otentha, sopo wambiri.

Chimene chinatulukamo, ayi ndithu. Khutu linathothoka, diso limodzi linasowa, ubweya unafota, nsalu yam'kati inangoti nyenyenye. Scholastica anachitola msangamsanga. Anachikulunga m'pulasitiki, nachibisa m'chikwama chake, osauza munthu.

A Dennis anasiya kudya tsiku lomwelo. Ankangoyang'ana dzanja lawo lamanja, kulitembenuza uku ndi uku. Lachiwiri anatseka pakamwa. Lachitatu ndi madzi omwe ankalavula. Manijala anafunsa aliyense za chidolecho, Scholastica anangoyang'ana pansi. Kenako nesi ananena mosabisa kuti akapanda kudya pofika Lachisanu masana, a Dennis apita kuchipatala. Scholastica anali ataona okalamba otere akupita kumeneko, ambiri osabwerako. Anachita mantha, ndiponso manyazi anamugwira.

Lachinayi m'mamawa anakwera basi kupita ku Belgrave, dera lina la mu Leicester, kwa mayi Gulbanu, telala wachimwenye wobadwira ku Limbe, amene ankamusokera madiresi a kutchalitchi. Mayiwo anatsegula pulasitiki ija, nagwira pakamwa.

"Mwana wanga, wapha mbuzi ya eni ake! Ubweya amachapa ndi madzi otentha?"

"Anti, ndalakwa. Ingondithandizani, munthu akufa ndi njala."

"Kunjaku ndikonza," anatero mayi Gulbanu. "Koma m'katimu nsalu inali itazolowera zala za mwini wake. Zimenezo sindingazisoke ine."

Anasoka khutu, naika batani m'malo mwa diso. Nsalu yofewa yam'kati inasowa, mpaka Scholastica anavula mpango wake wachitenje n'kuupereka kuti audule.

Lachisanu, nthawi itangokwana leveni koloko, analowa m'chipinda nambala 9. Munali manijala, nesi ndi Alison, mwana wa a Dennis, chikwama cha kuchipatala chili kale pabedi. Phala linali litazizira patebulo. Scholastica anatulutsa mbuzi ija.

"Ndinaichapa ndine. Inaonongeka, ndiye ndinaibisa. Ntchito mukhoza kundichotsa, koma ayambe aiona kaye."

Alison anamuyang'ana ndi maso ofiira.

Scholastica anagwada pambali pa mpando, naika chidolecho pamiyendo pa nkhalambayo. A Dennis anachiyang'anitsitsa. Anachinunkhiza, nakwinya nkhope. Kalanga ine, anaganiza Scholastica, sakuidziwa. Panja panamveka galimoto ikuima, aliyense anacheukira kuwindo poganiza kuti ndi ya kuchipatala.

Pang'onopang'ono dzanja la a Dennis lija linalowa m'chidolemo. Zala zinafufuza malo ake m'chitenje muja, zinaima, zinafufuzanso. Kenako mutu wa mbuzi unadzuka, unazungulira chipinda chonse, diso labatani n'kudzaima pa Scholastica. Kamawu kakang'ono kokalipa kanatuluka.

"Wandisambitsa ndani?"

"Ndine, Bartle."

"Zaka makumi asanu palibe analimbapo mtima," inatero mbuziyo. "Ndiwe mayi woopsa iwe."

Alison analira ndi kuseka nthawi imodzi. Mawu amenewo anali asanawamve bwino chonchi kuyambira ali mwana. Mbuzi ija inatembenukira kwa mwini dzanja, n'kuwagunda ndi mphuno pachibwano.

"Ine ndasamba. Nanga iwe, nkhalamba, ukudikira chiyani? Idya!"

A Dennis anayasama. Scholastica anatenga supuni, yoyamba inalowa, yachiwiri inalowa. Yachitatu inatayikira pa ndevu zoyera za mbuzi ija. Dzanja la Scholastica linathamangira kansalu kopukutira kamene kanali paphewa. Anakagwira, anayang'ana phala lija likuyenderera, kenako anakasiya pomwepo n'kutunganso supuni ina.