Liwombo la Mwana Wanga Litatupa

Mwana wanga wachiwiri, wamwamuna, anali ndi miyezi itatu pamene anadwala. Inali nyengo yowokera mpunga ku Bwanje ndipo ife tinali titachedwa kale. Anzathu a mapuloti oyandikana nafe anali atamaliza, mbande zathu ku nazale zinali zitayamba kukalamba. Ndinkapita kumunda mwana ali kumbuyo, ndikafika n'kumugoneka pa chitenje pansi pa mtengo wa msangu, ine n'kulowa m'matope.

Lolemba anatentha thupi. Ndinamumwetsa panado wamadzi amene anatsala pamene mlongo wake ankadwala chimfine, thupi n'kuzizirako. Lachiwiri anakana bere. Kulira kwake kunasintha, kunali kwa kamawu kakang'ono kobaya m'makutu, ndipo ndikamunyamula ndiye ankalira kwambiri, ndikamugoneka n'kukhala chete. Amayi anga, amene nyumba yawo ili kuseri kwa yathu, anamugwira pamutu nati, "Liwombo ili latupa. Si za kuchipatala izi, n'zofuna mankhwala opaka." Anabwera ndi mankhwala akuda osakaniza ndi mafuta, n'kumupaka.

Lachitatu ndinapitanso kumunda. Inatsala ndime imodzi yokha, ndipo ndinadziuza kuti ndikamaliza ndipita naye. Ndinamaliza dzuwa litapendeka, msana ukuwawa, ndipo sindinapite. Palibe anandiletsa. Ndinangotopa.

Lachinayi m'mawa ndikumusambitsa, anauma thupi lonse m'manja mwanga. Maso anatembenuka, dzanja limodzi likugwedezeka lokha. Ndinathamangira kumsewu sopo ali m'manja, n'kuimitsa njinga yamoto ya kabaza. Njira yonse ndinkaika chala pamphuno pake kuti ndimve ngati akupuma.

Kuchipatala sanandiimike pamzere. Adokotala anali mtsikana wamng'ono kwa ine. Anamuvula mwana, n'kumugwira khosi, n'kupukuta mankhwala akuda aja ndi thonje.

"Mayi, wayamba liti kudwala?"

"Dzulo," ndinatero.

Analemba m'kabuku. Kenako anati akuganiza kuti tizilombo talowa m'madzi amene amazungulira ubongo, ndipo kuti atsimikize ayenera kutenga madzi a pamsana.

Bambo a mwana anafika pa njinga yakapalasa nthawi imeneyo, matope mpaka m'maondo. Atamva za madzi a pamsana anandikokera pakhonde.

"Mayi ake, musavomere. Mwana wa achemwali anga anamutenga madzi amenewa, m'mawa mwake tinakumba manda."

"Nanga titani, bambo ake? Tibwerere naye kunyumba ali chonchi?"

"Amupatse jakisoni basi. Mukavomera inu, chimene chichitike chili pamutu panu."

Anapita kukaimbira foni achimwene anga, amalume ake a mwanayo, kuti nawonso andiletse. Foni sinkagwira bwino pakhondepo, ndiye anatuluka mpaka kugeti. Ine ndinalowa m'kati n'kusaina pepala.

Anamugoneka cham'mbali, anesi n'kumupinda mpaka maondo kugunda chibwano. Sanalire n'komwe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa singano. Madzi anayamba kudontha m'kabotolo, otuwa ngati madzi otsukira mpunga. Adokotala anawakweza kuwindo, n'kuyang'ana anesi, ndipo ndinadziwa asananene. Anati ndi matenda oumitsa khosi, tikhala masabata awiri akulandira jakisoni.

Masiku oyamba aja sindimatha kuwalekanitsa. Mitsempha ya m'manja mwake inkathawa, ya m'miyendo inatupa, mpaka anamumeta mbali imodzi ya mutu n'kulowetsa singano ya diripi pamenepo. Tsitsi lake loyamba, limene kwathu timameta ndi mwambo, anesi analisesa n'kulitaya mu bini. Kuyamwa sankatha, choncho anamulowetsa kapaipi m'mphuno. Ndinkafinyira mkaka m'kapu, anesi n'kuuthira m'kapaipiko. Tsiku lililonse mkaka unkachepa. Ndinkafinya mpaka bere kutupa, m'kapu n'kungokhala tochepa tophimba pansi.

Bedi loyandikana ndi lathu linali la mayi wina wa ku Mtakataka, mkazi wa msodzi, Msilamu. Mwana wake wamkazi anali ndi chibayo ndipo ankapumira makina. Mayiyu ndiye anandiona kuti sindikudya. Ankandibweretsera phala la mpunga m'kabakuli kake n'kundiimirira.

"Imwani, anzanga. Mukufuna mkaka uchokere kuti? M'misozi?"

Ndikapita kukachapa matewera ankandiyang'anira mwana, iye akapita kukaswali ine ndinkayang'anira wake. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, masana dzuwa likuswa mtengo, mwana wake analeka kupuma. Anesi anayesetsa, kenako anazimitsa makina aja. Mayiyo sanakuwe. Amuna ake anali kunyanja, foni yawo yosagwira. Mayiyo anamukulunga mwanayo, n'kumubereka kumbuyo ngati wamoyo, n'kumufunditsa chitenje china kumutu kuti a mu minibasi asadziwe. Potuluka anaima pabedi lathu, n'kundisiyira kabakuli kaja.

"Wanuyu Mulungu amusunge," anatero.

Pofika madzulo pabedi lija panali patagona mwana wina. Ine ndinayamba kuyang'ana chitenje changa n'kumaganiza mmene ndidzamangire tsiku langa likafika.

Bambo a mwana ankabwera patapita masiku awiri aliwonse. Ankabweretsa nkhuni ndi ufa, n'kuima kumiyendo kwa bedi, kuyang'ana mutu wometedwa uja, kenako n'kukakhala pakhonde. Za pepala lija sanandifunse, koma analeka kundiyang'ana kumaso. Amayi anga anabwera kamodzi. Ataona kapaipi m'mphuno anagwira pakamwa, n'kunena kuti ali ndi chizungulire, ndipo sanalowenso mu wodimo.

Tsiku lina adokotala aja akuyendera odwala, ndinadikira kuti anesi apite patsogolo.

"Adokotala, ndinakunamizani. Anayamba Lolemba."

"Ndinadziwa, mayi."

"Ndikanabwera Lolemba lomwelo, bwenzi zili chonchi?"

Anaseweretsa cholembera m'manja. "Kubwera msanga kumathandiza, sindingakubisireni. Koma za mwana uyu, kuti zikanatha bwanji, palibe angakuuzeni. Munabwera naye, ndipo ali moyo."

Ndinkafuna andikalipire. Mwina bwenzi zitandichokako.

Tsiku lakhumi mwana anatembenuza mutu n'kufuna bere yekha. Anakoka katatu n'kugona. Anesi anaomba m'manja, azimayi a mu wodi anabwera kudzaona, ndipo ine ndinalira koyamba chilowereni m'chipatalamo. Potitulutsa anatichenjeza kuti matendawa nthawi zina amasiya chilema, makamaka m'makutu, tizimuyang'anitsitsa. Ndinamva, koma mtima unali kale panjira ya kunyumba.

Patapita mwezi ndi theka ndinapita naye kuchigayo ku Golomoti. Magetsi anali atazima, ndipo tinakhala azimayi ambiri pansi kudikira, ena ndi makanda. Magetsi atayaka, mwini chigayo analiza makina mosachenjeza. Ana onse anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Wanga anali pamiyendo panga, maso ali gwa pa kansalu kofiira kamene kanali pa thumba la mnzanga, akumwetulira. Sanaphethire n'komwe.

Nditafika kunyumba ndinamugoneka pamkeka, n'kuzungulira kumutu kwake kumene sakanandiona. Ndinaomba m'manja. Ndinamenya beseni ndi mthiko. Ndinamuitana dzina mokuwa mpaka mlongo wake, amene anali ndi zaka zinayi, anathawira kwa agogo ake akulira. Iye ankangosewera ndi zala zake.

Kuchipatala chachikulu anamuyeza n'kutsimikiza kuti makutu onse awiri sakumva. Bambo ake atamva anangoti, "Ndinanena." Kwa iwo ndi singano ya pamsana ija, ndipo mpaka lero palibe dokotala amene angawasinthe maganizo. Amayi anga amati ndi anthu a nsanje. Ine ndimadziwa za Lachitatu lija, koma kunyumba sindinauzepo munthu. Chaka chotsatira bambo ake anapita ku Lilongwe kukafuna ntchito ya ulonda. Amatumiza thandizo akapeza, amabwera pa Khirisimasi, koma akaimba foni amafunsa za mtsikana yekha. Akuti winayo angalankhule naye chiyani.

Pano mwanayo ali ndi zaka zisanu. Amathamanga, amakwera mitengo ya mango, amaseka mokweza kwambiri chifukwa sadzimva. Mlongo wake ndiye anapanga naye chinenero chawo cha manja. Akagwira chibwano ndiye kuti agogo, akasisita mimba ndiye njala, akaloza bere ndiye ine. Zambiri zimene amakambirana awiriwo sindizimva. Akakwiya chifukwa sitikumumvetsa amadzimenyetsa mutu pakhoma, ndipo ndimangomugwira mpaka atatopa. Msewu wa tala ndimauopa, chifukwa lole ikaliza hutala iye satembenuka, choncho ndikamapita kumsika ndimamumangirira dzanja lake ku langa ndi chitenje ngati mbuzi.

Asisitere ena anandiuza kuti kuli sukulu ya ana osamva, yogonera komweko, ndipo chaka chamawa akhoza kumulandira. Aliyense akuti ndi mwayi, ndipo ndikudziwa kuti akunena zoona. Ndayamba kale kumusokera mayunifolomu. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti m'manja mwathu muli chizindikiro cha "tiye" ndi cha "khala pano", koma mulibe cha "ndidzabweranso". Ndafunsa mlongo wake, nayenso akuti sakuchidziwa. Tsiku limenelo adzangondiona ndikutuluka pageti.